Zitunda za ku Thyolo ndi Mtima Wotopa

Munthu akachoka ku Limbe kulowera kummwera, n'kudutsa pa Bvumbwe pomwe amayi amandandalika kabichi, tomato ndi mbatata m'mbali mwa msewu, sapita patali asanaone dziko likusintha. Minda ya chimanga imayamba kuchepa, m'malo mwake pamabwera tiyi. Ndi wobiriwira chaka chonse, wofanana msinkhu ngati wametedwa ndi lumo, ndipo amakwera chitunda, kutsikira kukhwawa, n'kukweranso chitunda china mpaka pomwe maso alekezera. Apa ndi apo pali nkhalango za bulugamu, yemwe nkhuni zake zimaumitsa tiyi m'mafakitale, komanso minda ya makademiya. Chakumadzulo kuli phiri la Thyolo, ndipo kunja kukayera, phiri la Mulanje limaoneka chakummawa ngati lili pafupi.

Maina a maesiteti ndi odziwika kwa aliyense wa kuno: Satemwa, yomwe inayamba mu 1923, Conforzi, Naming'omba, Makandi, Nchima ndi ena. Ife a Adventist tiyi sitimwa, komabe abale ndi alongo athu ambiri amapeza chakudya, fizi ya ana ndi chakhumi kuchokera m'minda yomweyi. Nyengo ya dzinja, kuyambira mu Disembala, mudzawaona m'mamawa atabereka madengu kumsana, manja onse awiri ali pantchito, kutchola masamba awiri ndi kansonga. Dengu likadzaza amapita nalo kusikelo, ndipo tsiku la munthu limawerengedwa ndi makilo.

Chimene mlendo wa pagalimoto sazindikira n'chakuti kuno njira zathyathyathya n'zosowa. Kumjigo n'kotsetsereka, pobwera ndi ndowa pamutu n'chitunda. Kuchigayo n'chitunda, kumsika n'chitunda, ndipo matchalitchi athu ambiri tinamanga pamtunda kuti azionekera patali. Choncho ku Thyolo chitunda ndicho chimayamba kumupima munthu dokotala asanamuone. Amene kale ankakwera osapumira akayamba kuima kawiri kapena katatu, manja ali m'chiuno, wefuwefu, ndiye kuti m'chifuwa muli nkhani. Anzake amangoti wakalamba kapena wachita ulesi. Nthawi zambiri si ukalamba ndipo si ulesi.

M'komboni nthawi ya chiperoni

Amene akufuna kumvetsa chifuwa cha anthu a kuno abwere mu Juni kapena Julayi, chiperoni chikagwa. Nkhungu imakuta minda, kamvula ka mawawa kamagwa masiku atatu kapena anayi osaleka, ndipo mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa. Zikatero m'makomboni ndi m'midzi yozungulira maesiteti aliyense amatseka chitseko ndi zenera. Moto umalowa m'nyumba. Nkhuni zimakhala zonyowa, ndipo poti nkhalango ya m'phiri inatha kalekale, ambiri amasonkhera zitsononkho, mapesi ndi mitengo ya nandolo. Utsi wake ndi wochuluka kuposa moto. Mukakweza maso kudenga la khitchini mudzaona mwaye wakuda bii ukulendewera. Mayi amene waphika pansi pa denga limenelo zaka makumi atatu wapuma utsi womwewo umene unadetsa dengalo.

M'nyengo yotereyi, tikuyendera odwala ndi amayi a Dorika m'mudzi wina kumalire a esiteti, tinapeza anganga ena atakhala pakhonde, atatsamira khoma. Anatchola tiyi kuyambira ali mtsikana. Zaka zingapo zapitazo anadwala chifuwa chachikulu, anamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa, ndipo kuchipatala anawauza kuti achira. Koma kutsokomola sikunathe. Tsopano mapazi anali atatupa moti patapata samalowa, ndipo mimba inali itakula ngati ya mayi woyembekezera.

"Anganga, miyendoyi inayamba liti kutupa?"

"Chaka chatha, mwanangu, nthawi yokolola. Poyamba inkaphwa ndikagona. Pano ayi."

"Nanga usiku mumagona bwanji?"

"Chokhala. Ndikagona chagada ndimabanika ngati wina wandikhalira pachifuwa."

"Kuchipatala munapitako?"

Anayang'ana mwana wawo wamkazi, yemwe anali atazolika. Kenaka anayankha motsitsa mawu kuti achibale anati matendawa si akuchipatala, ndi tsempho. Akuti wina m'nyumbamo sanayende bwino, mchere n'kuthiridwa m'ndiwo. Mkamwini anali atathamangitsidwa kale, ndipo mbuzi imodzi inali itapita kwa sing'anga.

Ndinawapempha kuti ndidinikize chala pamsongolo pawo. Nditawerenga mpaka khumi n'kuchotsa chalacho, panatsala kadzenje ngati pa nsima yofewa. Pakhosi pawo mitsempha inali itatupa, yooneka ngakhale ali chikhalire. Aliyense amene anaphunzirako zaumoyo akaona zizindikiro zimenezi mwa munthu wa chifuwa cha mgonagona amaganizira chinthu chimodzi: mtima wayamba kugonja chifukwa cha mapapo.

Mapapo amatopetsa bwanji mtima?

Mtima uli ndi mbali ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi ulendo wake. Mbali ya kumanzere imakankha magazi kupita thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kuzala za kumapazi. Minofu yake ndi yochindikala, ngati ya wakabaza wozolowera zitunda. Mbali ya kumanja ili ndi ulendo waufupi: imangotumiza magazi m'mapapo, momwe amakatenga mpweya wa okosijeni n'kubwerera. Mapapo abwino ndi ofewa, mitsempha yake ndi yambirimbiri ndiponso yotseguka, choncho magazi amadutsa mosavuta. N'chifukwa chake khoma la mbali ya kumanja ndi lopyapyala. Mlengi anailengera njira yathyathyathya.

Mapapo akaonongeka, njira ija imasanduka chitunda. Zipsera zimapha timitsempha tina. Totsalato timafinyika tokha pamene mpweya wabwino ukuchepa m'mapapo, ndipo zimenezi zikapitirira zaka zambiri makoma ake amakhuthala n'kuuma. Mbali ya kumanja ya mtima imayenera kukankha mwamphamvu usana ndi usiku. Poyamba imalimbikira, minofu yake n'kukula. Kenaka imatamuka ngati lamba wakale, n'kulephera kutulutsa magazi onse amene akubwera.

Magazi olephera kudutsawo amadikira kumbuyo, monga madzi amachitira ngalande ikatsekeka. Amadzaza mitsempha ya m'khosi. Amatupitsa chiwindi, n'chifukwa chake wodwala amamva kuwawa kapena kulemera pansi pa nthiti za kumanja ndipo chakudya sachifuna. Madzi amatuluka m'mitsempha n'kudzaza m'mapazi, m'miyendo, mpaka m'mimba. Impso nazo, poona kuti magazi akuzifika pang'ono, zimayamba kusunga mchere ndi madzi, kutupa n'kumawonjezeka. Madokotala amatcha vutoli cor pulmonale, mawu a Chilatini otanthauza mtima wodwala chifukwa cha mapapo.

Tinene pano kuti si kutupa konse kumene kumachokera kumtima. Impso, chiwindi, kuchepa kwa magazi, kusowa zakudya m'thupi ndi matenda ena zimatupitsanso miyendo. Wosiyanitsa ndi wachipatala, osati ife pakhonde. Koma munthu amene wakhala akutsokomola ndi kubanika kwa zaka, akayamba kutupa mapazi, tisataye nthawi kufunafuna wolakwa m'banja.

Kumene zipsera zimachokera

Mukamayenda m'midzi ya kuno n'kumafunsa odwala otere mbiri yawo, mayankho amabwerera pa zinthu zinayi.

Choyamba ndi chifuwa chachikulu. Boma la Thyolo linavutika kwambiri ndi TB pamodzi ndi HIV. Bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kugwira ntchito ndi chipatala cha boma kuno mu 1997, ndipo mu 2003 mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa. Anthu zikwizikwi amene akanamwalira ali moyo lero, ndipo tiyenera kuthokoza Mulungu. Koma mankhwala a TB amapha tizilombo, sachotsa zipsera. Kafukufuku wina wa ku Blantyre, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2020, anatsatira anthu oposa 400 amene anali atangomaliza mankhwala a TB. Oposa theka anali akadali ndi zizindikiro za m'chifuwa, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse mapapo ake sankagwira bwino ntchito atawapima. Munthu akachedwa kuyamba mankhwala, kapena akadwala TB kawiri, zipsera zimakula.

Chachiwiri ndi utsi wa kukhitchini. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni. Ambiri mwa amayi athu amene ali ndi chifuwa chosatha sanagwirepo ndudu chibadwire; fodya wawo anali mafuwa atatu.

Chachitatu ndi fodya weniweni, kaya ndi ndudu za m'sitolo kapena chingambwe chokulunga m'pepala. Amawononga timatumba ta mpweya m'mapapo pang'onopang'ono, ndipo tikaphulika sitimeranso.

Chachinayi n'cha madoda okalamba amene anapita ku Joni. Amuna ambiri a m'dziko muno anakagwira ntchito m'migodi ya golide ku South Africa kudzera ku Wenela, mpaka ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu a ku Malawi oposa 70, boma n'kuimitsa ulendowo. Unayambiranso pansi pa TEBA mpaka mu 1988. Anabwera ndi njinga, wailesi ndi majekete, komanso fumbi la miyala m'mapapo. Fumbi limeneli limaumitsa mapapo ngakhale patapita zaka zambiri munthu atachoka mumgodi, ndipo limatsegulira khomo TB.

Pa zonsezi tiwonjezerepo mphumu yosasamalidwa bwino. Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi ziwiri kapena zitatu mwa zimenezi, monga anganga aja: TB yakale pamwamba pa utsi wa moyo wonse.

Ku Makwasa

Kuchoka pa boma la Thyolo, msewu wolowera ku Thekerani umakhotakhota m'minda ya tiyi mpaka kufika ku Makwasa. Apa ndi pamene pali Malamulo. Mpingo wathu unagula malowa mu 1902, pamene ankatchedwa Plainfield, ndipo mmishonale woyamba kukhalapo anali Thomas Branch, munthu wakuda wochokera ku America. Dzina loti Malamulo linabwera mu 1907. Ntchito ya chipatala inayamba pang'onopang'ono mu 1915, ndipo patapita zaka malowa anatchuka chifukwa chosamalira odwala khate, anthu amene dziko linkawathawa. Lero pali chipatala chachikulu ndi sukulu yophunzitsa anamwino ndi madokotala othandizira, amene amatumikira m'dziko lonse.

Wodwala wa kutupa ndi befu akafika pa chipatala chotere, kapena pa chipatala cha boma ku Thyolo, pali zinthu zingapo zimene achipatala amayang'ana. Amamvetsera chifuwa ndi mtima. Amapanitsa kachipangizo pachala koonetsa kuchuluka kwa okosijeni m'magazi. Amajambula chifuwa ndi ekisireyi, amapima makhololo kuti aone ngati TB yabwereranso, amapima magazi ndi mkodzo. Pomwe pali makina a sikani amatha kuona mtima weniweniwo, ngati mbali ya kumanja yakula. Zikavuta amatumiza wodwalayo ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Kupima makhololo n'kofunika kwambiri. Munthu wa zipsera amatsokomola ngati wa TB, ndipo ena amafuna kuyambiranso mankhwala a TB pongoganizira. Ngati tizilombo mulibe, mankhwalawo sathandiza. Amangolemetsa chiwindi chomwe chatopa kale.

Zipsera sizichoka, koma munthu amatha kupepukidwa n'kukhala zaka zambiri. Pali mapiritsi okodzetsa, monga furosemide, amene amachotsa madzi m'thupi. Pali mankhwala opopera m'kamwa otsegula njira za mpweya. Pali mankhwala a chibayo chikagwira, ndi okosijeni kwa amene wabanika kwambiri. Chachikulu n'chakuti pothandiza mapapo ndi pomwe timapeputsira mtima. Anganga aja anatengedwa pa njinga yamoto yomwe Sukulu ya Sabata inasonkhera mafuta. Anagonekedwa masiku angapo, miyendo inaphwa, ndipo pano amapita kusikelo ya chipatala mwezi ndi mwezi. Tiyi sadzatcholanso, koma amasesa pakhomo ndi kusenda nandolo. Za mkamwini uja akuluakulu a mpingo ndi ankhoswe akukambiranabe, pakuti mawu amene analankhulidwa saphwa msanga ngati miyendo.

Zimene banja lingachite

Nkhani ya mchere ili ndi choonadi chake, ngakhale si chimene achibale aja ankanena. Vuto si dzanja limene lathira mchere, koma kuchuluka kwake. Mchere umasunga madzi m'thupi. Wodwala wotupa apatulireni ndiwo zake musanathire mchere wambiri. Samalani ndi bakayawo, soda wa m'therere, timabulo tokometsera ndiwo, ngakhalenso timapaketi ta zokometsera topezeka mu soya pisi amene ife timakonda pa Sabata. Tomato, anyezi, adyo, mandimu ndi nsinjiro zimakometsa ndiwo popanda kuvulaza.

Musamugulire mankhwala a ululu monga indosidi ndi bulufeni pa okala. Amenewa amasungitsa madzi m'thupi ndipo amavulaza impso. Mapiritsi okodzetsa nawonso si obwerekana. Mlingo wake amaika ndi dokotala, chifukwa akachuluka amaumitsa thupi n'kufooketsa munthu.

Pogona mutsamiritseni ndi mapilo kapena thumba la zovala kuti chifuwa chikhale chokwera. Masana akakhala pansi, miyendo aisanjike pa kampando. Asangogona tsiku lonse: ayende pang'onopang'ono pabwalo pomwe pali pathyathyathya, kuwonjezera mapazi ochepa sabata iliyonse. Befu ikabwera, akokere mpweya ndi mphuno n'kuutulutsa pang'onopang'ono ndi milomo yosongoka, ngati akuziziritsa phala la mwana. Ndowa, nkhuni ndi thumba la kuchigayo zikhale za ena.

Koposa zonse, muchotsereni utsi. Kunja kukakhala kouma phikirani panja. Khitchini ikhale ndi zenera moyang'anizana ndi khomo komanso mpata pansi pa denga. Nkhuni ziume zisanapite pamoto. Sungani zina pa nsanja chiperoni chisanafike. Musawotche mapulasitiki poyatsa moto. Chitetezo mbaula imathandiza kusunga nkhuni, koma tisaganize kuti yokha yathetsa nkhani. Kafukufuku wamkulu amene anachitika kwa anansi athu ku Chikwawa ndi ku Karonga, yemwe zotsatira zake zinadziwika mu 2016, anapeza kuti mbaula zamakono pazokha sizinachepetse chibayo mwa ana. Utsi uyenera kupeza potulukira, ndipo wodwala ndi makanda akhale kutali nawo. Mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka. Mpweya wake sununkha koma umapha anthu ali m'tulo.

Wosuta asiye lero. Ngakhale mapapo ataonongeka kale, kusiya kumachedwetsa kuonongeka kotsala. Mpingo wathu wakhala ukuthandiza anthu pa nkhondo imeneyi kuyambira pamene Dr. J. Wayne McFarland ndi Mbusa Elman Folkenberg anayambitsa ndondomeko ya masiku asanu yosiyira fodya zaka zoposa 60 zapitazo. Dipatimenti ya zaumoyo pa mpingo uliwonse ikhoza kuchititsa maphunziro otere, osati kwa mamembala okha komanso kwa anansi a m'komboni.

Ndipo pali zizindikiro zosadikira kuti kuche: milomo kapena zikhadabo kuda mobiriwira, kubanika ali chikhalire, kutsokomola magazi, kukomoka, kusokonezeka mutu kapena kugona kosadzutsika, ndi kutupa kokwera msanga mpaka m'ntchafu. Zikaoneka, pempherani muli m'njira ya kuchipatala.

Mipando yopanda anthu

M'buku la The Ministry of Healing la mu 1905, Ellen White potchula mankhwala achilengedwe anayamba ndi mpweya wabwino. Nalo buku la Genesis limatiuza kuti munthu anakhala wamoyo pamene Mulungu anamuuzira mpweya. Timaphunzitsa zambiri za chakudya, ndipo n'zoyenera, koma za mpweya wa m'makhitchini athu timalankhula pang'ono, chonsecho amene amatiphikira chakudya chabwinocho ndi amene akupuma utsi.

Pa mpingo uliwonse wa m'zitunda zino pali wina amene kale sankajomba, mwina anali wa kwaya kapena mtsogoleri wa Dorika, koma pano sakuoneka. M'kaundula timalemba kuti wafooka. Tisanalembe, titsikire kwawo tikaone. Mwina chikhulupiriro chake chili chonse, chamulepheretsa ndi chitunda cha kutchalitchi chokha. Tikafika tifunse za chifuwa, tione mapazi, tiyang'ane denga la khitchini. Amene watsokomola masabata awiri timulimbikitse kukapimitsa makhololo, pakuti TB yopezeka msanga imasiya zipsera zochepa. Amene anamaliza mankhwala koma befu ikupitirira abwerere kuchipatala, asakhutire ndi mawu akuti munachira.

Abambo a mpingo atha kutenga Lamulungu limodzi kuboola mazenera m'makhitchini a amayi amasiye. Achinyamata atha kutunga madzi ndi kuwaza nkhuni kuti ziume nthawi ikadalipo. Madikoni atha kupititsa Mgonero wa Ambuye kunyumba za amene sangathenso kukwera. Ndipo pa msonkhano wa misasa chaka chino, pamene mabanja mazanamazana adzakhale akuphika pamalo amodzi, okonza malo aike agogo ndi onse a chifuwa kumbali yomwe mphepo ikuchokera, pafupi ndi pochitikira mapemphero, pomwe sipafunika kukwera.